Zithunzi za perekaniperekani zatuluka chimbuuzi, ndalakwitsa pati?

Tiyamike (Rosettenville): Moni nonse a pa gulu. Ndithandizeni. Loweruka lapitali ndinajambula chinkhoswe cha msuweni wanga konkuno ku Rosettenville, ku Joni. Zapanja zatuluka bwino, koma za m'holo, makamaka nthawi ya perekaniperekani, zandikhumudwitsa kwambiri. Amayi akuvina, ndalama zili m'mwamba, koma manja onse ndi chimbuuzi, nkhope zina zachita kukokeka ngati wina wazipaka ndi chala. Pa zithunzi pafupifupi 200 za nthawi imeneyo ndatolapo 11 zokha. Kamera ndi Canon yogula kwa munthu, lenzi ndi yomwe ija imabwera nayo, ndipo ndinaika pa Auto. Azakhali akuzifuna Lachisanu kuti atumize ku Ntcheu. Kodi kamerayi ndi yowonongeka?

Bambo Nkhoma (Turffontein): Mwanangu, usafulumire kuiimba mlandu kamera. Tsegula chithunzi chimodzi mwa zoipazo, dina Info, undiwerengere manambala ali pamenepo.

Tiyamike: Palembedwa 1/25, f/5.6, ISO 800.

Bambo Nkhoma: Basi, nkhani ili pa 1/25 imeneyo. M'kamera muli kachitseko kamene timati shutter. Ukadina, kamatseguka kuti kuwala kulowe, kenako n'kutseka. Pa chithunzi chakocho kanakhala kotsegula gawo limodzi mwa magawo 25 a sekondi. Kwa iwe ndi ine nthawi imeneyo ndi kuphethira kwa diso chabe, koma dzanja la mayi amene akuponya R20 uku akudula chiuno limakhala litayenda mtunda ndithu. Kamera siisankha, imalemba ulendo wonse wa dzanjalo kuchokera pomwe linali kachitseko katatseguka mpaka pomwe linafika potseka. Chimbuuzi ukuonacho ndi ulendo umenewo.

Munthu woyenda umamuimitsa ndi 1/250. Ovina amafuna 1/500. Anyamata a mpira 1/1000. Vuto ndi lakuti ukafupikitsa nthawi ndi theka, kuwala nakonso kumachepa ndi theka. Kuchoka pa 1/25 kufika pa 1/400 ndiye kuti kuwala kwachepa ka 16. Uyenera kukubweza kwina. Lenzi ya 50mm f/1.8 imalowetsa kuwala pafupifupi kakhumi kuposa yakoyo ikakhala pa f/5.6, pakuti nambala ya f ikachepa bowo la lenzi limakula, ndipo ndi imodzi mwa malenzi otchipa. Chotsalacho ukweze ISO, nambala ya mmene kamera imamvera kuwala, kufika 1600 kapena 3200. Chithunzi chimakhala ndi timadontho ngati mchenga, koma nkhope ya munthu imadziwika. Ndipo uchoke pa Auto, uike pa Tv, liwiro la shutter usankhe wekha.

Kondwani (Hillbrow): Madala anena zoona, koma achemwali chenjerani ndi magetsi a m'maholo athuwa. Magetsi a kuno ndi a 50Hz, chimodzimodzi kumudzi, ndiye machubu akale aja ndi mababu ena otchipa a LED amaphethira ka 100 pa sekondi. Maso athu saona, koma kamera ikakhala pa 1/500 imagwira kuphethirako. Chithunzi china chimatuluka chowala, chotsatira chakuda, china chobiriwira mbali imodzi. Zinandionekera pa ubatizo chaka chatha, theka la ntchito linawonongeka. Mukafika m'holo jambulani khoma loyera kasanu motsatizana musanayambe. Zikatuluka zosiyana, bwererani pa 1/100, zimakhazikika.

Tiyamike: Ndiye pa 1/100 manja abwereranso chimbuuzi?

Kondwani: Eya, pang'ono. Apo ndiye pamafunika flash.

Che Jafali (Mayfair): Tisanafike ku flash, achemwali, tiponyereni pano ziwiri kapena zitatu mwa zomwe mwatayazo. Ndikufuna ndione ndi maso anga.

Tiyamike: Ndi izo. Chachitatucho ndi chimene chinandipweteka mtima, chifukwa inali nthawi ya akuchikazi, nyimbo itafika pachimake.

Che Jafali: Chachitatucho musachifufute, chonde. Taonani bwino. Mkwatibwi wakhala pampando, wagwira lichero, wazolika monga mwa mwambo, ndipo iyeyo waoneka bwinobwino mpaka ndolo. Amayi omuzungulira asanduka mitundu yokhayokha, chitenje chabuluu chija chazungulira ngati madzi, ndalama zajambula timizere m'mwamba. Ine ndikachiona ndikumva nthungululu. Zithunzi 11 mwasankhazo sindinazione, koma ndikukhulupirira kuti ndi anthu ataima ngati akudikira basi. Ichi ndi chinkhoswe.

Bambo Nkhoma: Che Jafali, inu mumajambula zokondweretsa mtima wanu, ine ndadyera kamera kuyambira nthawi ya filimu ya zithunzi 36 ku Limbe. Mayi amene waponya R200 pa perekaniperekani akufuna aoneke kuti ndi iyeyo. Agogo ku Ntcheu akalandira chithunzi amaloza ndi chala: uyu ndi mwana wa uje, uyu ndi mkazi wa uje, kodi uje sanabwere? Ukawapatsa mitundu yozungulira adzafunsa kuti anthu ali kuti.

Che Jafali: Sindikukana, madala. Ndikungoti si chilichonse chachimbuuzi chili cholakwika. Santu Mofokeng mu 1986 anajambula anthu akupemphera m'sitima za pakati pa Soweto ndi m'tauni muno. Anthu othithikana, akuimba, akuomba m'manja, sitima ikugwedezeka, kuwala kochepa. Zina mwa zithunzizo manja ndi nkhope sizinaime, ndipo n'chifukwa chake ukaziona umamva kuti sitimayo ikuyendadi ndipo mapemphero atentha. Akanaziimitsa zonse bwenzi zili zithunzi za anthu ali m'chipinda.

Limbani (Braamfontein): Mkangano umenewu ndi wakale ngati kamera yomwe. Kumaphunziro athu ku Market Photo Workshop ku Newtown, sukulu ija anayambitsa David Goldblatt mu 1989, ndinakumana ndi chithunzi chimene sichichoka m'mutu mwanga. Louis Daguerre anachijambula ku Paris mu 1838, msewu wotchedwa Boulevard du Temple, ali pawindo. Nthawi imeneyo kamera inkafuna mphindi zingapo kuti chithunzi chigwire. Msewuwo unali wa piringupiringu, ngolo za mahatchi ndi anthu oyenda pansi, koma pa chithunzipo uli mbee, ngati mzinda wathawidwa. Aliyense amene ankayenda sanakhalitse pamalo amodzi moti n'kulembeka. Pakona pokha pakuoneka munthu ataimika mwendo, wina akumupukuta nsapato. Anaoneka chifukwa anaima nthawi yaitali. Anthu ambiri amati chimenechi ndi chimodzi mwa zithunzi zoyambirira kuonetsa munthu.

Che Jafali: Limbani, zimenezo ndinaziyesa ine pafupi ndi renki ya Bree, ndisanamve n'komwe za mzungu ameneyo. Ndinagula kagalasi kakuda kovala kutsogolo kwa lenzi, ND ya 10 stop, kamachepetsa kuwala pafupifupi ka 1000. Chithunzi chimene chikanafuna 1/30 chimafuna masekondi 30. Ndinaimika kamera pa tripod, choimikirapo cha miyendo itatu chija, cha m'ma 5 madzulo, anthu akuweruka, mnzanga ataima kumbuyo kwanga kuyang'anira chikwama. Nditaona chotuluka ndinakhala chete. Khamu lonse lija, mazanamazana a anthu othamangira mathekisi, linasanduka utsi wotuwa m'munsi mwa chithunzi. Otsala ndi mayi wootcha chimanga atakhala pa kreti, dzanja limodzi lokha losaoneka chifukwa ankakupiza moto ndi katoni, ndi mnyamata wogulitsa machaja atatsamira chipupa. Tsiku lililonse ndimadutsa pamenepo, anthu awiriwa sindinkawaona. Kamera inachotsa tonse othamanga n'kusiya iwo.

Mayi uja ndinamutsukira chithunzicho n'kukamupatsa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti makasitomala ake apita kuti.

Bambo Nkhoma: Mwaonatu. Ngakhale iyeyo anafunsa za anthu.

Mercy (Randburg): Ine ndili mbali ya bambo Nkhoma, koma pa chifukwa china. Sizoona kuti chithunzi chikaima ndiye kuti mulibe kuyenda. Pitani ku Orlando West ku nyumba yokumbukira Hector Pieterson mukaone chithunzi cha Sam Nzima cha pa 16 June 1976. Mbuyisa Makhubu wanyamula Hector, mwana wa zaka 12, mlongo wake Antoinette akuthamanga pambali. Anthu atatuwo akuoneka bwino, palibe amene wasanduka utsi. Koma palibe angaone chithunzicho n'kunena kuti aima. Mwendo uli kutsogolo, dzanja la mtsikanayo latambasuka, pakamwa pali pululu. Kuthamanga kuli m'thupi mwawo. Ndipo chifukwa nkhope zikudziwika, dziko lonse linadziwa kuti apolisi akuombera ana, ana ake awa. Luso lili posankha kamphindi koyenera kudina.

Che Jafali: Apo sinditsutsa, achemwali.

Mercy: Pa perekaniperekani ndi chimodzimodzi. Ndalama ikaponyedwa imakwera, imafika pomwe imaima kanthawi isanayambe kugwa. Dzanja nalo likafika pamwamba limaima lisanabwerere. Ukamvetsera ng'oma umadziwa pomwe zimenezi zichitikire. Ukadina pamenepo, ngakhale 1/125 imakwana. Ine ndimavina nawo chamumtima ndikamajambula, ndimadina motsatira nyimbo.

Limbani: Ndipo pali njira yachitatu, yoika zithunzi zingapo motsatizana. Eadweard Muybridge mu 1878 ku Palo Alto, California, anandandalika makamera 12 m'mbali mwa njira yothamangira hatchi, pa famu ya Leland Stanford. Funso linali lakuti kodi hatchi ikamathamanga pali nthawi imene miyendo yonse inayi imachoka pansi? Zithunzi zinaonetsa kuti inde, koma miyendoyo imakhala itapindikira pansi pa mimba, pamene ojambula pamanja ankaijambula itatambasukira kutsogolo ndi kumbuyo. Chithunzi chilichonse pachokha chinali choima, koma ukaziika pamzere hatchi ija imathamanga. Achemwali Tiyamike, kamera yanuyo ili ndi continuous, mukagwirira batani imajambula motsatizana. Mayi mmodzi akubwera kudzaponya, mutenge zinayi kapena zisanu, muziike pa tsamba limodzi la alubamu.

Bambo Nkhoma: Chabwino, ndikupatseni njira yoti Che Jafali asangalale, agogo a ku Ntcheu nawo asangalale. Mwanangu, ubwereke flash yomangirira pamwamba pa kamera. Uike shutter pa 1/15 kapena 1/20, pafupi ndi pomwe unali pomwe paja. Mu menyu ya flash usankhe 2nd curtain. Chimachitika ndi ichi: kachitseko katseguka, magetsi a m'holo alemba chimbuuzi cha zitenje ndi ndalama, ndiye kasanatseke flash ithwanima. Kuthwanimako n'kwachangu kwambiri, nthawi zambiri kosapitirira 1/1000, moti nkhope ya amene ali pafupi nawe imaima bwinobwino. Chimbuuzi chimatsalira kumbuyo kwa dzanja, kusonyeza komwe lachokera. Ukasiya pa 1st curtain chimbuuzi chimakhala kutsogolo, munthu amaoneka ngati akubwerera m'mbuyo. Denga likakhala loyera ndi lalifupi, flash uilozetse kudenga, kuwala kumatsika mofewa, anthu sachita kuwala pamphumi ngati adzola mafuta ophikira.

Uyesere kunyumba kaye. Mwana azungulitse tochi m'chipinda chamdima, uone chimene chikutuluka.

Kondwani: Za tochizo ndi zomwe timachita ndi magalimoto usiku. Tripod, ISO 100, f/11, masekondi 15 kapena 20, ndi timer ya masekondi 2 kuti chala chisagwedeze kamera. Magalimoto a pa M1 saoneka, kumatsala mizere yofiira mbali ina, yoyera mbali ina. Nthawi yabwino ndi dzuwa litangolowa, kumwamba kukadali kwabuluu. Pa Nelson Mandela Bridge napo pamatuluka zokongola, sitima zitandandalikana pansi paja, koma musapite nokha ndipo musachedwepo. Mnzanga anamulanda foni chakumeneko akuyang'ana mu kamera. Mvula ikayamba mu October ndimajambula ziphaliwali ndili pawindo la kunyumba, njira yomweyo: kutsegula masekondi 20, kutseka, kutsegulanso, mpaka chimodzi chigwere m'kati. Sungachithamangitse chiphaliwali ndi chala, umachitchera ngati msampha.

Mitambo ija imaunjikana masana ndimaichita time-lapse. Chithunzi chimodzi pa masekondi 5 aliwonse kwa ola lathunthu ndi zithunzi 720. Ukaziyendetsa 25 pa sekondi, ola lonse limatha m'masekondi osakwana 30.

Mayi Nachisale (Kensington): Ana inu ndakhala ndikuwerenga chiyambire m'mawa. Ine za manambalazi sindizidziwa, ndimajambula ndi foni basi, koma nkhani ya nthawiyi yandikhudza, mundilole ndiyankhulepo.

Bambo anga anabwera kuno ku Joni pa Wenela ine ndisanabadwe. Anabwerera kumudzi pambuyo pa ngozi ya ndege ija ya ku Francistown mu 1974, imene inapha a Malawi ambiri ochokera ku migodi, Kamuzu n'kuletsa zotumiza anthu. Chomwe chinatsala cha zaka zawo za kuno ndi chithunzi chimodzi cha mu situdiyo. Avala jekete, aima chilili pambali pa tebulo, dzanja lili pa wailesi, nkhope yosaseka. Amayi anachisunga m'Baibulo mpaka m'makona munatha. Pa chithunzipo palibe chikuyenda chilichonse. Koma ndikachiika pambali pa china chomwe ndinawajambula ali pakhonde chaka chomwe anatisiya, tsitsi lili mbuu, dzanja lomwe lija litagwira ndodo, zaka zonse za pakatipo ndimaziona.

N'chifukwa chake ndimachita izi. Mwana wanga wamkazi amakhala ndi agogo ake ku Dedza. December aliyense ndikapita, tsiku lofika lomwelo ndisanamasule katundu, ndimamuimika pakhomo la nyumba, pafelemu ya chitseko, ine n'kuima pa mwala womwewomwewo wa pabwalo. Ndili nazo zisanu ndi ziwiri tsopano. Choyamba mutu wake sukufika pa loko. Cha chaka chatha loko ali m'chigongono. Chitseko chinapakidwa penti kawiri, mtengo wa mapapaya unali kumbuyo unagwa, diresi la chaka china likuoneka chaka chotsatira litavalidwa ndi mwana wa mng'ono wanga amene analowa m'mphepete mwa chithunzi. Chaka cha 2020 palibe, sindinapite. Ndikamaziyendetsa ndi chala pa foni, pamalo pamenepo mwana amadumpha msinkhu, ndipo mtima umandiwawa nthawi zonse.

Mercy: Mayi, mwandiliza. Wanga ali ku Zomba, ndiyamba chaka chino.

Limbani: Mayi, zimene mukuchitazo ndi zomwe amatiphunzitsa: malo amodzi, mtunda umodzi, kutalika kwa kamera kumodzi, kuti chosintha chikhale munthu yekha. Mwala mukuimapowo ndi tripod yanu. Chonde zisungeni malo awiri, foni imatayika. Muzitsukitsenso papepala.

Mayi Nachisale: Zinayi ndinatsukitsa kale, zili kwa agogo ake. Zotsalazo ndichita mwezi uno, mwanangu.

Che Jafali: Mayi anditsegula mutu pa chinthu china. Goldblatt yemwe watchula Limbani uja, m'zaka za m'ma 1980 anakwera mabasi a usiku ndi antchito ochokera ku KwaNdebele kupita ku Pretoria, anthu odzuka pakati pa usiku n'kubwerera kunyumba usiku womwe. Zithunzi zake ndi zamdima, zogwedera, anthu akugona chokhala, mitu ili pa mipando ya kutsogolo. Ife ulendo wathu wa kumudzi ndi wotani? Kunyamuka muno, Beitbridge usiku, Nyamapanda, mlatho wa Zambezi pa Tete, mpaka Mwanza kapena Dedza, masiku awiri kapena kuposa boda ikavuta. Tonse timaudziwa m'mafupa, koma zomwe timaponya pa Facebook ndi za titafika, titasamba, titavala bwino. Ulendo weniweniwo sindinauonepo utajambulidwa ndi mmodzi wa ife. December uno ndikufuna ndiyese, ndi 50mm yomweyo, popanda flash kuti ndisadzutse anthu.

Bambo Nkhoma: Mukapemphe kaye anthuwo musanawajambule, ena sakufuna kuti nkhope zawo zioneke, mukudziwa nokha nkhani ya mapepala. Ndipo pa boda kamera ibwerere m'chikwama. M'basi yoyenda musatsamiritse kamera pawindo, kunjenjemera kwa injini kumalowa m'chithunzi. Zigongono zikhale pamimba, mupume, mudine potulutsa mpweya. Ndi 50mm musatsike kupyola 1/60 pokhapokha basi itaima.

Kondwani: Mukakafika kumudzi muyesenso nyenyezi, Che Jafali, kuno magetsi a mzinda amaziphimba. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndiye mukalozetsa kamera kum'mwera kwa ola limodzi, nyenyezi zimajambula timauta tozungulira malo amodzi. Usiku wopanda mwezi, batire yodzadza.

Tiyamike: Ndabweranso, pepani ndinasowa masiku awiri. Zithunzi ndapereka dzulo. Ndinaonjezera zina 20 zomwe nkhope zikudziwika ngakhale manja sanaime, potsatira zomwe ananena achemwali a Mercy, ndinapeza kuti zina ndinadina dzanja lili pamwamba mosadziwa. Azakhali alandira, koma adandaula kuti amayi a kumpingo kwawo amene anabwera kuchokera ku Germiston sakuoneka pena paliponse, ndipo ndi zoona, ali m'gulu la osanduka mitundu aja. Ndawapepesa. Chachitatu chija ndinatumizira mkwatibwi payekha. Wayankha kuti tsikulo iye sanaone chilichonse chifukwa anazolika nthawi yonse, ankangoona mapazi ndi ndalama zikugwera m'lichero, ndiye akufuna ndimutsukire chachikulu.

Tochi ndayesa usiku wathawu ndi mwana wa eni nyumba. Pa 2nd curtain zikuchitikadi monga mwanenera bambo, koma flash ya pa kamera yomweyi ikumuwalitsa kwambiri nkhope.

Bambo Nkhoma: Tsitsa mphamvu ya flash, pali polembedwa flash exposure compensation, uike pa -1, ndipo ubwerere m'mbuyo phazi limodzi kapena awiri. Ukwati wa msuweni wakoyo uli liti?

Tiyamike: Loweruka loyamba la mwezi wamawa, holo yomweyo.

Bambo Nkhoma: Ndili ndi 50mm ya Canon imene sindikuigwiritsa ntchito, ndi flash yakale koma yamoyo. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndidzakhala kunyumba kuyambira 1 koloko, undilembere kumbali ndikulongosolere njira. Ubwere ndi kamera yako ndi mabatire anayi a AA, tidzayesere pa ana a pano akusewera fulaye.

Che Jafali: Madala, nane ndibwera ndi tripod ngati mundilola. Ndikufuna mundionetse za kugwira kamera m'basi zija.

Bambo Nkhoma: Bwerani. Mufike 3 isanakwane, dzuwa likapendeka pabwalo pano pamagwa mthunzi wa fulati ya kuseri.